Mtaya wa pamphambano: mmene tingauchotsere kuti usabwererenso

Ku Ndirande, ku Mbayani, ku Bangwe, ku Zingwangwa, kulikonse kumene mungapite mu Blantyre muno, mupeza malo amene aliyense m'deralo amawadziwa koma palibe amene amavomera kuti amatayapo. Ndi mtaya wa pamphambano, kuseri kwa msika, pansi pa mlatho, kapena papuloti imene mwini wake anangokumba maziko zaka zapitazo n'kusowa. Masana simuona munthu akutayapo, koma kukacha mupeza masaka atsopano.

Ambiri a ife tinasesapo kale malo oterewa. Mu Novembala 2020 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse ku Chinsapo mu Lilongwe, n'kuika Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse kuti anthu azituluka ndi matsache, ndipo makampani, mipingo ndi masukulu akhala akutuluka ndithu. Ntchitoyo ndi yabwino. Koma kaoneninso malo omwewo pakatha masabata awiri: mtaya uja umakhala utabwerera, chifukwa zinthu ziwiri sizinasinthe. Zinyalala za m'makomo zilibe kopita, ndipo malowo alibe mwini. Malangizo awa ndi okonza ziwirizi, n'chifukwa chake kusesa kwenikweniko kukubwera pakati, osati poyamba.

Tisaiwale chimene mtaya umatibweretsera. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700, mpaka masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe panthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, palibe ngalande ikanawaletsa. Koma mvula wamba ya mu Januwale imalowa m'nyumba za anthu chaka ndi chaka pamene kalavati watsekeka ndi majumbo ndi mabotolo, ndipo madzi amenewo amakhala atadutsa kaye pamtaya ndi m'zimbudzi. Zimenezi ndiye tingathe kuziletsa. Yambani mu Ogasiti kapena Sepitembala kuti mvula ya mu Novembala ikupezeni mutamaliza.

Choyamba: uyang'aneni mtayawo musanaugwire

Kwa sabata yathunthu, m'mawa kwambiri ndi madzulo kukamada, khalani pamalo pamene mukuuona bwino. Musakalipire munthu, ingoonani. Akutaya ndani? Kawirikawiri mupeza kuti ndi ana otumidwa ndi makolo, atsikana antchito, anyamata a maganyu amene alipidwa kuti akataye kutali koma angofika apa, ndi ogulitsa kumsika akamaweruka. Aliyense wa awa ali ndi chifukwa chake, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Kenako tengani ndodo mutsegule masaka angapo. N'zonyansa, koma ndi pamene mudziwire vuto lanu lenileni. M'thumba limodzi lochokera panyumba wamba mupeza makoko a nthochi ndi a mbatata, masamba a kabichi, zitsononkho, makoko a nzimbe, nsima yotsala, phulusa la m'mbaula, ndi dothi lambiri limene amayi asesa pabwalo. Pamwamba pake pali majumbo, timabotolo ta zakumwa, zigamba ndi mapampasi. Maso amaona kwambiri mapulasitiki chifukwa amawala ndipo amauluka, koma nyamulani thumbalo: cholemeracho ndi zowola, phulusa ndi dothi. Zimenezi siziyenera kuchoka n'komwe pakhomo.

Pomaliza tsatirani madzi. Yendani ndi ngalande kuchokera pamtaya mpaka kumene ikukathira, kaya ndi mu Nasolo, mu Naperi kapena mu Mudi. Onani ngati ikudutsa pafupi ndi chitsime, kapena pamene paipi ya madzi yopita kukiyosiki ili pamtunda. Paipi yoboola imene yagona m'madzi akuda imayamwa madziwo nthawi imene mipopi yaphwa. Jambulani mapu a deralo papepala, ngakhale okhota, muikepo mtaya, makalavati otsekeka, zitsime ndi mapuloti osiyidwa.

Chachiwiri: pezani anthu, ndipo muyambe ndi oyenera kuyamba nawo

Musayambe ndi gulu la pa WhatsApp. Yambani ndi amfumu kapena mkulu wa buloko yanu, mupite ndi mnzanu mmodzi ndi mapu aja. Lankhulani ngati munthu wodzapempha nzeru: "Amfumu, tabwera ndi nkhani ya mtaya uja wa pamphambano. Ana akuseweramo ndipo mvula yayandikira. Tati tisayambe kanthu musanatiunikire." Akavomera, iwo ndiwo aitanitse msonkhano. Anthu amabwera akaitana amfumu, ndipo mawa pakabuka mkangano mudzakhala ndi pothawira.

Wachiwiri ndi mlangizi wa zaumoyo wa kuchipatala chanu chaching'ono. Ameneyu amadziwa makomo amene kunachokera odwala matenda otsegula m'mimba chaka chatha, amagawa kulorini, ndipo mawu ake pamsonkhano amamveka kuposa anu. Wachitatu ndi khansala wa wodi yanu, chifukwa ndiye khomo lolowera kukhonsolo. Muitaneni monga khansala, koma pasakhale nsalu kapena nyimbo za chipani. Ntchito ikangooneka ya chipani, theka la anthu limakhala kunyumba.

Pali magulu awiri amene amaiwalika. Loyamba ndi eni nyumba za lendi. Puloti imodzi imakhala ndi mabanja asanu ndi atatu kapena khumi, chimbudzi chimodzi, popanda dzala, ndipo mwini wake amakhala kwina, amangobwera pakutha pa mwezi. Popanda iyeyo, apalendi sangakumbe ngakhale dzenje. Lachiwiri ndi anyamata onyamula zinyalala aja. Anthu amawaona ngati ndiwo vuto, koma ineyo ndimaona kuti ndiwo chiyambi cha yankho: ali ndi mawilibala, amadziwa khomo lililonse, ndipo anthu anazolowera kale kuwalipira.

Pamsonkhano pasatchulidwe dzina la munthu wotaya. Funso likhale limodzi: tikatseka mtayawu, zinyalala tizikataya kuti? Sankhani komiti ya anthu asanu kapena asanu ndi awiri, ndipo amayi akhale ambiri, popeza ndiwo amasesa, amaphika, ndipo ndiwo amatuma ana kokataya.

Chachitatu: gawani zinyalala pakhomo

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Khomo lililonse likhale ndi masaka atatu kapena zigubu zitatu zodula pakamwa: cha zowola, cha zogulitsa, ndi cha zotsala. Dothi losesa pabwalo lisalowe m'thumba lililonse. Lithireni m'maenje a mumsewu kapena patsinde pa nthochi.

Zowola zipangeni manyowa. Sankhani malo a mthunzi, mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. M'chilimwe mungakumbe dzenje lofika m'mawondo, koma m'dzinja unjikani pamtunda kuti madzi asadzazemo. Pansi penipeni yalani timitengo kapena mapesi kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani zouma: masamba ogwa, udzu, makatoni ong'ambang'amba. Kenako ikani zaziwisi za kukhitchini ndi za kumsika. Ngati pali zitosi za nkhuku kapena ndowe, wazani pang'ono, muwazenso dothi ndi kaphulusa kochepa. Bwerezani motero mpaka mulu ufike m'chiuno, muthire madzi, mufunditse ndi masaka akale kapena masamba a nthochi.

Madzi akhale oti mukafinya manyowawo m'dzanja azigwirana koma osachucha. Zikani ndodo pakati pa mulu. Pakapita masiku atatu kapena anayi izuleni muigwire: ikakhala yotentha, zinthu zikuyenda. Ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi zaziwisi. Mulu ukamanunkha ngati chimbudzi ndiye kuti madzi achuluka, ndiye utembenuzeni muonjezere zouma. Muzitembenuza pakatha masabata awiri aliwonse, zakunja zipite mkati. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mupeza dothi lakuda, lofewa, lonunkhira ngati pansi pa mitengo ya m'nkhalango. Musaikemo nyama, minga ya nsomba, mafuta kapena chimbudzi cha galu, chifukwa zimenezi ndizo zimaitana makoswe ndi agalu, kenako aneba n'kudana nayo ntchito yonse.

Pamapuloti othithikana pamene palibe malo ngakhale oyanika zovala, pezani malo amodzi a buloko yonse: kuseri kwa tchalitchi, pakona pa sukulu, kapena pamtaya pomwepo mukauchotsa. Anyamata awiri aziyang'anira, ndipo manyowawo akhale awo. Ogula alipo: ogulitsa maluwa ndi mbande za mitengo m'mphepete mwa misewu, olima madimba, ndi aliyense amene ali ndi kamunda ka chimanga ndipo akulira ndi mtengo wa feteleza. Msika ukakhala pafupi, gwirizanani ndi komiti ya msika kuti masamba ndi tomato woonongeka aziikidwa padera. Mulu umodzi wa kumsika umaposa wa makomo makumi angapo.

Zogulitsa ndi zitsulo, zitini, mapoto obooka, mabeseni ndi mipando yosweka ya pulasitiki yolimba, makatoni ndi mabotolo. Ogula zitsulo amayenda kale m'madera mwathu ndi masikelo awo. Zisungeni zouma, chifukwa katoni yonyowa kapena botolo la matope sagula. Chenjezo limodzi: chitsulo chikakhala ndi msika, ena amayamba kuzula zivundikiro za masuweji ndi zitsulo za pamilatho. Komiti inene poyera kuti zimenezi ndi umbava.

Zotsala ndi majumbo, timapepala ta zokometsera ndi ta maswiti, zigamba, mapampasi ndi mapadi. Mukagawa bwino mudzadabwa kuchepa kwake: banja limene limatulutsa thumba lodzaza pa masiku awiri limatha sabata lisanadzaze limodzi. Mapampasi ndiwo ovuta kwambiri, ndipo ndiwo amatayidwa usiku mumtsinje chifukwa cha manyazi. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu. Chikhuthulireni m'chimbudzi, pampasiyo muikulunge, muimange m'jumbo, ipite m'thumba la zotsala. Musaiponye m'chimbudzi chokumba: siwola, imadzaza dzenje msanga, ndipo imatseka mapaipi a opopa zimbudzi.

Pali zina zosayenera kulowa m'thumba lililonse. Mabatire a galimoto ndi a sola ali ndi mtovu umene umaononga ubongo wa ana, ndiye asaphwanyidwe pakhomo, apite kwa ogula mabatire ali athunthu. Oilo wakutha wa kugalaja asungidwe m'zigubu, asathiridwe m'ngalande. Majakisoni ndi malezala aikidwe m'botolo lolimba lotseka, lipite kuchipatala. Magalasi osweka akulungidwe padera kuti asacheke wonyamula.

Za kuotcha: ndikudziwa kuti ambiri timaotcha chifukwa palibe njira ina. Komabe pulasitiki ndi matayala zikamapsa pamoto wa pabwalo zimatulutsa utsi wapoizoni, mwa zina dioxin, umene umagwera pa ndiwo zam'munda ndi pa dothi limene nkhuku zikutolatola. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye utsiwo sukwera m'mwamba, umangoyenda pakati pa nyumba, ndipo amene amavutika ndi makanda, okalamba ndi odwala mphumu. Masamba ouma amene mukanaotcha ndi amene mulu wa manyowa ukufuna, choncho chotsala chenicheni ndi pulasitiki, ndipo imeneyo ndi yoti ichoke m'dera.

Chachinayi: konzani njira yotulutsira zotsalazo

Mtaya wovomerezeka wa mzinda wa Blantyre uli ku Mzedi, panjira ya ku Zomba, kutali koti wilibala singafike. Mzinda umene pakalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi 800,000 uli ndi magalimoto a zinyalala ochepa, ndipo m'madera ambiri othithikana msewu woti lole ilowe mulibe. Choncho ntchito yanu ndi kufikitsa zinyalala pamalo amodzi pamene galimoto ingafike, ndi kupeza galimotoyo.

Lembani kalata yopita kwa mkulu wa khonsolo ya mzinda ku Civic Centre, yosainidwa ndi amfumu, khansala ndi komiti. Ikhale yaifupi: malo ake, chiwerengero cha makomo, zimene mwayamba kale kuchita nokha, ndi pempho lomveka, monga sikipi (chibini chachikulu chachitsulo chimene lole imadzanyamula chikadzaza) pamalo akutiakuti, kapena lole tsiku limene mudzasese. Pititsani pamanja, musunge kope yodindidwa, ndipo khansala aziitsatira. Kalata yonena kuti makomo 120 ayamba kugawa zinyalala ndipo akusonkha ndalama imamveka mosiyana ndi yongodandaula. Koma musalandire sikipi musanamvane kuti izichotsedwa liti. Sikipi yosefukira ndi mtaya watsopano, woipa kuposa woyamba, chifukwa anthu a madera ena amabwera kudzatayamo.

Khonsolo ikalephera, pali makampani ang'onoang'ono otolera zinyalala, kapena mwini lole amene mungagwirizane naye kubwera kawiri pamwezi. Funsani kaye kukhonsolo za chilolezo ndi malipiro a ku Mzedi, ndipo paulendo woyamba mmodzi wa komiti akwere nawo kuti aone kuti zafikadi. Pali madalaivala amene amakatula katundu pamlatho woyamba wopanda anthu.

Ndalama ndi zimene zimapha makomiti ambiri. Gwirizanani pamsonkhano ndalama yochepa ya khomo lililonse pamwezi, yoti ngakhale wogulitsa mandasi akwanitse. Eni nyumba aziphatikiza pa lendi. Agogo okhala okha asapereke. Wolandira ndalama akhale wina, wosunga akhale wina, ndipo zizisungidwa pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni. Mwezi uliwonse msungichuma awerenge pagulu zolowa ndi zotuluka, ngakhale zikhale zochepa bwanji. Anyamata onyamula aja azilipidwa ndi komiti pamapeto a sabata, osati ndi khomo lililonse pamanja. Akalipidwa pakhomo, phindu lawo ndi kutaya pafupi n'kubwerera msanga, koma akalipidwa ndi komiti, phindu lawo ndi kuti pamphambano pakhale poyera.

Chachisanu: tsiku lochotsa mtaya

Likhale tsiku limene galimoto yatsimikizika, ndipo masaka atatu aja akhale atayamba kale kugwira ntchito m'makomo. Yambani m'mawa dzuwa lisanakwere. Mufunika mafosholo, makasu, mareki, mawilibala, zikwakwa ndi masaka. Ogwira pamtaya penipeni avale nsapato zolimba, magolovesi ndi chotseka kukamwa ndi mphuno. Wa patapata apatsidwe ntchito ina. Ana asakhalepo, ndipo amayi oyembekezera athandize kumbali ya madzi ndi chakudya. Pakhale ndowa ya madzi a kulorini ndi sopo, ndipo aliyense asambe m'manja asanadye kanthu. Wobayidwa ndi msomali kapena chitini atsuke balalo ndi sopo, apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata.

Mtaya wakale uli ndi zigawo. Pamwamba pali zatsopano, zimenezo zikwere galimoto. Pansi pali dothi lakuda losakanikirana ndi majumbo ong'ambika. Ena amalisefa n'kukathira m'dimba. Ine sindikulimbikitsa zimenezo pa ndiwo zamasamba, chifukwa simudziwa mabatire ndi mankhwala amene anasungunukiramo. Lithireni pamitengo ndi pamaluwa.

Ngalande yambani kuikonza kumunsi, kumene madzi akukathira, muzikwera chakumtunda. Mukayamba kumtunda, zonse zikaunjikana pamene pali potseka ndipo madzi akuda alowa m'nyumba za akumunsi. Matope amene mwavuula musawasiye m'mphepete. Ndi cholakwa chimene chimaoneka paliponse mumzinda muno: milu ya matope imauma pambali pa ngalande, mvula yoyamba n'kuibwezera momwemo. Aumeko tsiku limodzi kapena awiri, kenako achoke. Kalavati mutsegule ndi nsungwi yaitali kapena chitsulo muli panja. Munthu asakwawire mkati, ndipo asatsike m'dzenje la suweji zivute zitani, chifukwa mpweya wa mmenemo umakomola munthu asanakuwe n'komwe, ndipo wotsika kukamupulumutsa amatsalanso momwemo.

Musaiwale matayala, zitini ndi zigubu zosweka zimene zimasunga madzi. Kukatentha, udzudzu umaswa n'kuyamba kuuluka pasanathe masabata awiri.

Chachisanu ndi chimodzi: malowo apeze mwini dzuwa lisanalowe

Malo oyera opanda kanthu amaitana thumba loyamba, ndipo thumba loyamba limaitana ena onse. Tsiku lomwelo pakhale chinthu chooneka kuti pali munthu amene akusamala. Zikani mitengo yaifupi muzungulize mpanda wofika m'mawondo, wa nsungwi kapena matayala akale okwirira theka n'kuwadzaza dothi. Bzalani mitengo ingapo ndi kapinga, ndipo m'mbali mwa ngalande mubzale udzu wa vetiva kuti ugwire dothi. Chikwangwani chokha cholembedwa kuti "Osataya zinyalala pano" sichinaletsepo munthu. Choletsa ndi maso: benchi ya bawo, mayi wogulitsa tomato amene komiti yamulola kuikapo tebulo, telala, wokonza njinga, siteji ya akabaza. Amene akudyera pamalopo ndiye amawalondera bwino kuposa komiti.

Zimenezi zinayesedwapo kwina. Ku Philadelphia, ku America, ofufuza anatenga mapuloti osiyidwa mazanamazana, ena n'kuwasesa, kubzala udzu ndi mitengo yochepa, ndi kuika kampanda kakafupi ka matabwa, ena n'kuwasiya momwemo. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2018 zinaonetsa kuti m'madera osauka kwambiri ziwawa za mfuti zinatsika ndi 29 pa 100 alionse pafupi ndi mapuloti okonzedwawo. Mavuto awo ndi athu ndi osiyana, koma aliyense amene amadutsa pabwinja usiku pochokera kuntchito amadziwa kuti malo osiyidwa amabisa zambiri kuposa makoswe.

Puloti kapena nyumba yosiyidwa ili ndi mwini, ngakhale akhale ku Johannesburg kapena anamwalira ana ake akulimbirana. Musagumule, musagawane, musamangepo. Fufuzani mwini kudzera kwa amfumu ndi aneba akale. Zikakanika, funsani ku maofesi: malo a mumzinda muno ena ali m'manja mwa khonsolo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a Unduna wa za Malo. Mukamupeza, pemphani chilolezo cholemba choti mutchetche, mutseke zitseko ndi mawindo ndi njerwa kapena malata, ndiponso mulimepo ndiwo kufikira iye adzafune kumanga. M'kalatamo mulembe momveka kuti simukufuna malowo. Ambiri amakana chifukwa choopa kulandidwa, ndipo mawu amenewa amawamasula mtima.

Zina siziyembekezera chilolezo. Dzenje la chimbudzi kapena thanki ya suweji yosamaliza, chitsime chosiyidwa, maenje oumbira njerwa: izi zimadzaza madzi mu Disembala ndipo ana amamiramo. Dziwitsani amfumu, muvundikire kapena muzungulize mpanda lero lomwe. Khoma lopendekera kunjira kanenezeni kukhonsolo, chifukwa ndiyo ili ndi mphamvu yolamula mwini kukonza kapena kugumula. Akuluakulu akukumbukira nyenyezi yofiira imene inkapakidwa panyumba zakutha m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo khonsolo ya Blantyre yakhala ikuiyambitsanso pakati pa tauni ndi ku Limbe. Nyumba yakale ikakhala ndi denga la asibesitosi, musaliswe kapena kulicheka, popeza fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo amene amaonekera patapita zaka zambiri.

Chachisanu ndi chiwiri: zimene si za fosholo

Mudi amachokera kuphiri la Ndirande, amadutsa m'dera la mafakitale la Makata ndi pakati pa tauni, ndipo madzi ake amakathera mu Shire. Aliyense wodutsa pamilatho yake m'chilimwe amalidziwa fungo lake. Zina mwa zimene zimaudetsa ndi zathu za m'makomo, koma madzi a mtundu wachilendo otuluka m'paipi ya fakitale, kapena suweji yophulika imene yakhala ikuchucha mwezi wathunthu, simungazithetse ndi wilibala. Apa chida ndi umboni.

Lembani m'kope tsiku, nthawi, mtundu wa madzi ndi fungo lake. Jambulani chithunzi chooneka malo, monga mlatho kapena chikwangwani, muli pamsewu wa aliyense, osalowa mumpanda wa eni. Chitani zimenezi masiku angapo, chifukwa ena amatsegula mapaipi usiku kapena mvula ikamagwa. Za suweji pitani nazo kukhonsolo. Za mafakitale pitani nazo ku Malawi Environment Protection Authority (MEPA), bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo loteteza chilengedwe la 2017, mutumizenso kope ku National Water Resources Authority, imene imapereka zilolezo zothira madzi ogwiritsidwa ntchito m'mitsinje. Lamulo lomwelo la 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo. Musainire anthu ambiri, osati mmodzi. Lembani zimene mwaona zokha, osaonjezera. Pakapita nthawi popanda yankho, atolankhani a wailesi amabwera akaona kope ya masiku ndi zithunzi.

Musaganize kuti anthu wamba sangasunthe makampani. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikuloni 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) mu 2015, opanga majumbo n'kuthamangira kukhoti, ndipo chiletsocho chinaima. Anthu ndi mabungwe anakakamira mpaka Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mu Julaye 2019 kuti chiletsocho n'chovomerezeka. Mmodzi wa otsogolera, Gloria Majiga-Kamoto, anayamba nkhondoyi ataona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya majumbo, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Goldman, yopatsidwa kwa oteteza chilengedwe padziko lonse. Milandu inapitirira pambuyo pake ndipo majumbowo sanatheretu m'misika. Mbali yathu ndi dengu kapena chikwama popita kumsika, ndi kontena popita kokagula tchipisi. Komiti ya msika ikagwirizana kuti ogulitsa asamapereke jumbo pa tomato atatu, kalavati wanu adzapuma.

Masabata oyamba

Thumba lidzapezekapo ndithu, mwina m'mawa mwake momwe. Lichotseni nthawi yomweyo, lisagonepo. Mukamudziwa wotaya, apite kwa iye anthu awiri, mmodzi wamkulu, akalankhule naye m'nyumba mwake osati pamsewu: "Mayi, tinaona mwana akutaya pamphambano paja. Mwina uthenga sunakufikeni. Anyamata amadutsa Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa, thumba muzingoliika pakhomo." Nthawi zambiri mupeza kuti ndi banja limene langosamukira kumene, kapena lalephera kusonkha mwezi umenewo ndipo likuchita manyazi. Chindapusa chibwere kachitatu, chikhale chimene msonkhano unagwirizana, ndipo achigamule ndi amfumu. Mwana asamenyedwe kapena kuchititsidwa manyazi chifukwa cha thumba limene anatumidwa.

M'madera a lendi anthu amasamuka mwezi ndi mwezi, choncho mwini nyumba aliyense azifotokozera wobwera kumene za masaka atatu ndi masiku a anyamata, tsiku lomwe akumupatsa kiyi. Komiti izikumana kamodzi pamwezi, ndipo ngalande iziyenderedwa sabata iliyonse kuyambira Novembala mpaka Epulo.

Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, dikirani ikate ndipo madzi achepe, kenako awiri kapena atatu mutuluke ndi mapu aja mutsatire ngalande kuchokera kumtunda mpaka kumtsinje. Pamene madzi aima, pamene adumpha n'kulowa pakhomo la munthu, pamene majumbo ochokera kwa aneba akumtunda aunjikana, ikani chizindikiro. Malo amenewo ndiwo ntchito ya Loweruka lotsatira, ndipo ngati zambiri zikuchokera kumtunda, konzani zokaonana ndi amfumu a kumeneko mutatenga thumba la manyowa anu kuti akaone.